Tsamba, dzuwa ndi ayodini: kuonetsa ophunzira photosynthesis pasukulu yopanda labu

Mwana aliyense wokulira kumudzi amadziwa kuti chimanga chomera pansi pa mtengo wa mango sichibereka. Chimangotalika, phesi lili lowonda, masamba ali oyezuka, ndipo pokolola upeza kachitsononkho ka maso owerengeka. Mwana yemweyo akafika ku sekondale timamulembera pa bolodi kuti 6CO2 + 6H2O zimapereka C6H12O6 + 6O2, kutanthauza kuti mpweya wa carbon dioxide ndi madzi zimapereka shuga ndi okosijeni, yomwe ndi photosynthesis, njira yomwe mbewu imapangira chakudya chake ndi kuwala. Amaloweza, amalemba mayeso, mwina n'kukhoza kumene, koma osadziwa kuti zomwe waloweza ndi nkhani ya chimanga cha pansi pa mango chija. Zimenezi zimandiwawa mumtima, chifukwa phunziroli ndi limodzi mwa maphunziro amene mwana angathe kuliona ndi maso ake pa mtengo wochepa kwambiri.

Ndikulembera inu aphunzitsi anzanga, makamaka a m'ma CDSS momwe mulibe gasi, mulibe ma test tube okwanira, ndipo kabati ya mankhwala ili ndi fumbi lokhalokha. Zambiri mwa zomwe ndifotokoze pano zimatheka ndi mbaula, sefuliya, spiriti, botolo la ayodini ndi nyemba zodzala m'zitini.

Chomwe tikufuna kuti ana aone

Tsamba limalandira madzi kuchokera ku mizu. Mpweya wa carbon dioxide umalowa kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso totchedwa stomata, tomwe pa mbewu zambiri timachuluka kunsi kwa tsamba. Chlorophyll, yemwe amapatsa tsamba mtundu wobiriwira, amagwira kuwala, ndipo ndi mphamvu imeneyo tsamba limapanga shuga n'kutulutsa okosijeni. Shuga wina mbewu imagwiritsa ntchito pomwepo, wina amapita ku mizu ndi ku zipatso, wotsala amasungidwa m'tsamba momwemo ngati sitachi. Shuga ndi wovuta kumupeza popanda zipangizo, koma sitachi sabisala: akakumana ndi ayodini amasanduka wakuda mopita ku buluu. Njirayi anaikhazikitsa ndi Julius von Sachs wa ku Germany m'zaka za m'ma 1860, ndipo mpaka lero siinasinthe kwenikweni.

Tsono funso lathu ndi limodzi: kodi tsamba lingapange sitachi pamalo pomwe kuwala sikunafike?

Konzekerani milungu itatu isanakwane

Dzalani nyemba m'zitini zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zoboola pansi, milungu itatu lisanafike tsiku la phunziro. Gulu lililonse la ophunzira lisamalire chitini chake. Mbewu ya m'chitini ndiyo yabwino chifukwa mutha kuinyamula kupita nayo mumdima. Masamba a nyemba ndi opyapyala ndipo amataya kubiriwira msanga mu spiriti. Kholowa nayenso amachita bwino. Masamba a mango ndi a gwafa ndi olimba kwambiri, adzakuthetserani spiriti pachabe. A anyezi musawayese n'komwe, chifukwa anyezi amasunga chakudya chake ngati shuga, osati sitachi, ndiye tsamba silidzada ngakhale litakhala padzuwa tsiku lonse.

Mufunikanso izi: mbaula ndi makala, sefuliya, kabotolo kagalasi kokamwa kwakukulu, spiriti, ayodini, mbale yoyera, supuni kapena timitengo tiwiri totolera tsamba, pepala lakuda lokhuthala kapena foil, timapini tomangira mapepala, ndi katoni yaikulu. Spiriti woyera wa ku famase ndiye wabwino. Wapepo wa m'golosale amagwiranso ntchito, kungoti amasiya kamtundu kake pa tsamba, ndiye mudzalitsuke bwino. Ayodini wotsukira mabala amakwana. Musanamukhulupirire, mudonthezeni pa ufa woyera kapena pa kachidutswa ka chinangwa ana akuona. Akada, ndiye kuti ndi wamoyo, ndipo ana aona kale mtundu womwe adzaufunefune pa tsamba.

Masiku awiri a mdima

Apa ndi pomwe ambiri timathamanga, ndipo ndi pomwe pagona phunziro lonse. Tsamba lomwe lakhala padzuwa dzulo lili kale ndi sitachi. Mukaliphimba lero n'kuliyesa madzulo, lidzada paliponse, ndipo simudzadziwa ngati sitachiyo ndi wa lero kapena wa dzulo. Choncho muyambe mwachotsa yense wakale.

Thirirani mbewu, kenaka muiike m'kabati yotseka bwino kapena muivundikire ndi katoni n'kufunditsa bulangete pamwamba. Ikhale momwemo maola 48. Mumdima mbewu siileka kukhala ndi moyo: imapitiriza kupuma, imasungunula sitachi wa m'masamba kukhala shuga n'kumugwiritsa ntchito kapena kumutumiza kwina. Ngati phunziro lili Lachinayi, mbewu ilowe mumdima Lachiwiri m'mawa. Uzani ana kuti asamasuzumire. Adzafuna ndithu, ndiye ndi bwino kusankha mmodzi mwa iwo kuti akhale mlonda wa katoniyo.

Maola 48 akatha, thyolani tsamba limodzi muliyese monga ndifotokozere m'munsimu. Likapanda kuda, mbewu yakonzeka. Likada, ibwerere mumdima tsiku lina limodzi. Musalumphe zimenezi ngakhale nthawi ikuchepa. Mwana wochenjera akadzafunsa kuti, "Aphunzitsi, tikudziwa bwanji kuti sitachiyu sanalimo kale?" yankho lanu ndi tsamba loyambali. Ndipo funso lomwelo limabwera m'mayeso a MSCE m'njira zosiyanasiyana.

Kuphimba tsamba ndi kulitulutsa padzuwa

Sankhani tsamba lathanzi, lotambasuka, ndipo musalichotse pa mbewu. Dulani kachidutswa ka pepala lakuda kapena foil, mukapinde kuti kaphimbe pakati pa tsamba kumwamba ndi kunsi komwe, mbali zina za tsamba zikhale poyera. Manani ndi timapini, koma osafinya mpaka kuphwanya tsamba, ndiponso mpweya uzitha kulowa m'mbali. Tikufuna kulimana kuwala kokha. Tikalimananso mpweya ndiye kuti tasintha zinthu ziwiri nthawi imodzi, ndipo sitidzadziwa chomwe chachititsa zomwe tione.

Ine ndimakonda kuti gulu lililonse liboole chilembo choyamba cha dzina la gulu lawo pa pepala la pamwamba. Chilembo chija chikadzaoneka chakuda pa tsamba loyera, phokoso lomwe limabuka m'kalasi silifanana ndi la tsiku lina lililonse.

Ana ajambule tsambalo m'makope mwawo, asonyeze pomwe paphimbidwa. Kenaka mbewu ikhale padzuwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Mukaitulutsa cha m'ma 7 koloko m'mawa, pofika 1 koloko masana yakonzeka. M'miyezi ya June ndi July, masiku a chiperoni pomwe kumachita mitambo ndi kamvula kowaza, dikirani tsiku lowala. Mu October samalani ndi kutentha: mbewu yofota imatseka stomata ndipo siipanga chakudya chokwanira, choncho muithirire musanaitulutse.

Kuyesa sitachi

Wiritsani madzi m'sefuliya. Thyolani tsamba lija, chotsani chophimba, muliviike m'madzi owira kwa theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Kutentha kumapha maselo, kumaimitsa zonse zomwe zimachitika m'kati mwake, ndiponso kumatsegula njira kuti spiriti ndi ayodini alowe.

Tsopano mvetserani bwino. Phulani sefuliya, ndipo mbaula muitulutse panja, kutali. Spiriti asatsegulidwe moto uli pafupi. Nthunzi yake imayaka, ndipo lawi lake masana silioneka bwino, munthu amangozindukira dzanja lapsa. Ndinaonapo kabotolo ka spiriti katayaka pa tebulo chifukwa wina anakasiya pafupi ndi mbaula yomwe inkaoneka ngati yazima. Palibe anavulala, koma kuyambira pamenepo sindilola moto ndi spiriti m'chipinda chimodzi. Sipafunikanso moto n'komwe. Spiriti amawira pa madigiri 78, pomwe madzi amawira pa 100 m'mbali mwa nyanja yamchere, ndipo kumalo okwera ngati Lilongwe kapena Dedza amawira madigiri ochepa pansi pa 100. Madzi ongophula kumene ndi otentha mokwanira kuwiritsa spiriti.

Ikani tsamba m'kabotolo, thirani spiriti mpaka limire, ndipo kabotoloko mukaimike m'madzi otentha aja osakatseka. Ngati galasi lake ndi lokhuthala, muyambe mwalitenthetsa ndi madzi ofunda kuti lisasweke. Mawindo akhale otsegula. Posakhalitsa spiriti ayamba kubiriwira, tsamba likuyera. Ameneyo ndi chlorophyll akutuluka, ndipo ana amuone bwinobwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti ndi mawu a m'buku chabe. Timamuchotsa kuti kubiriwira kusabise mtundu wa ayodini. Zimatenga mphindi zisanu mpaka khumi. Madzi akazizira tsamba lisanayere, thirani ena otentha owiritsidwa panja.

Tsamba lotuluka mu spiriti limakhala louma gwa, losachedwa kuthetheka. Liviikeni m'madzi ofunda pang'ono kuti lifewe, mulitambasule pa mbale yoyera, mudonthezere ayodini mpaka lonse linyowe. Dikirani mphindi zingapo. Pomwe dzuwa linafika pada. Pomwe panaphimbidwa pangokhala mtundu wa ayodini, wofiirira mopita ku chikasu. Ana ajambulenso tsambalo pambali pa chojambula choyamba.

Zikakanika, musabise, fufuzani limodzi ndi ana. Tsamba lonse likada, mwina mdima unachepa, kapena kuwala kunalowa m'mbali mwa chophimba. Likapanda kuda paliponse, mwina dzuwa linachepa, mbewu inafota, kapena ayodini ndi wakale. Kukambirana kotereku kumaphunzitsa sayansi kuposa tsiku lomwe zonse zayenda bwino.

Njira yomweyi imayankha mafunso ena awiri. Tengani tsamba la maluwa lamawangamawanga, loyera ndi lobiriwira, lomwe lakhala padzuwa: lidzada pokhapo pomwe panali pobiriwira, kusonyeza kuti chlorophyll ndi wofunika. Pofuna kuonetsa kufunika kwa carbon dioxide, tsamba la mbewu yochokera mumdima limatsekeredwa m'botolo loonekera momwe muli sodium hydroxide, yemwe amayamwa mpweyawo. Mankhwala amenewa amawotcha khungu ndi maso, ndiye muwagwire ndinu nokha, osati ana.

Kuwala kochuluka bwanji?

Ayodini amatiuza kuti inde kapena ayi. Satiuza liwiro. Kuti tione momwe kuchuluka kwa kuwala kumasinthira ntchito ya tsamba, timayang'ana okosijeni yemwe akutuluka. Mu 1779 Jan Ingenhousz, dokotala wochokera ku Netherlands, anamiza masamba m'madzi n'kuona kuti timathovu timatuluka akakhala padzuwa, koma mumthunzi timaleka. Mabuku athu amati tigwiritse ntchito zomera za pansi pa madzi ngati Elodea n'kumawerenga timathovu pa mphindi. Ngati muli pafupi ndi nyanja kapena dambo mutha kupeza zomera zomira zofanana nazo, koma kumbukirani likodzo: nkhono zomwe zimafalitsa matendawa zimakhala m'zomera zomwezo. Musatume ana kukalowa m'madzi oima. Namasupuni sathandiza, chifukwa masamba ake amakhala pamwamba pa madzi.

Pali njira ina yomwe ndimaikonda kuposa imeneyi, yosafuna dambo. Sungunulani theka la supuni yaing'ono ya soda wophikira therere m'lita imodzi ya madzi, muonjeze kadontho kamodzi ka sopo wamadzi wotsukira mbale. Soda ndiye apereke carbon dioxide, sopo athandize madzi kulowa m'tsamba. Chidulo musagwiritse ntchito, mphamvu yake siidziwika. Ndi chobowolera mapepala kapena kapaipi komwera zakumwa, dulani timagawo khumi tozungulira pa tsamba losalala, lopanda cheya, ngati kholowa kapena repu, kupewa mitsempha ikuluikulu. Nkhwani ayi.

Tengani sirinji yatsopano yopanda singano, ya mamililita 10 kapena 20. Solani chokankhira, ponyani timagawo m'kati, bwezerani chokankhira, kenaka kokani madzi a soda pang'ono. Lozetsani kukamwa kwa sirinji kumwamba mutulutse mpweya wonse. Tsekani kukamwako ndi chala, kokani chokankhira mwamphamvu, gwirani masekondi khumi mukugwedeza, kenaka siyani. Bwerezani kawiri kapena katatu mpaka timagawo tonse timire. Chomwe chachitika n'chakuti mpweya womwe unali m'timipata ta m'tsamba watuluka, madzi alowa m'malo mwake, tsamba lalemera. Musapitirize kukoka kambirimbiri, mudzaononga maselo.

Khuthulirani timagawoto m'kapu yoonekera momwe muli madzi a soda, muike pa kuwala. Tsamba likayamba ntchito, okosijeni amadzaza timipata tija, ndipo kagawo kamadzuka pansi pang'onopang'ono, kuima chammbali, kenaka kuyandama. Ana awerenge tomwe tayandama pakutha pa mphindi iliyonse, ndipo alembe nthawi yomwe kachisanu kafika pamwamba. Kuyembekeza kakhumi n'kutaya nthawi, pamakhala kamodzi kochedwa nthawi zonse.

Tsopano sinthani kuwala kokha. M'chipinda chotchinga mawindo, ikani makapu atatu pa masentimita 10, 20 ndi 40 kuchokera pa babu lowala kwambiri. Mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala sikutsika ndi theka, kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kusiyana kumaoneka msanga. Babu la LED ndilo labwino chifukwa silitenthetsa madzi. Ngati muli ndi babu lakale lotentha, imikani botolo la madzi pakati pa babu ndi kapu. Magetsi akazima, kapena ngati kulibe, kapu imodzi ikhale padzuwa, ina pa khonde, ina pansi pa ndowa. Muonjezenso kapu ya timagawo tomizidwa ndi madzi opanda soda, kuti ana aone kuti kuwala pakokha sikukwanira.

Pojambula girafu, ana ena adzafunsa ngati kuonjeza kuwala kumaonjeza liwiro mpaka kalekale. Ayi. Pamafika pomwe kuwala kwakwana, ndipo chomwe chikuchedwetsa ntchito ndi kuchepa kwa carbon dioxide kapena kuzizira. Malire amenewa amasiyana malinga ndi mbewu. Chimanga, mapira ndi nzimbe zili m'gulu lotchedwa C4, lomwe limapindulabe ndi dzuwa lamphamvu pomwe mbewu zina zafika kale pa malire. N'chifukwa chake mthunzi wa mango umapweteka chimanga kwambiri, pomwe khofi amapirira pansi pa mitengo. N'chifukwa chakenso alangizi amalimbikira za kupalira msanga ndi kudzala motalikanitsa bwino, monga njira ya Sasakawa ya mbewu imodzi pa phando, mapando otalikana masentimita 25 pa mizere yotalikana masentimita 75. Mapesi othithikana amalimbirana chakudya cha m'nthaka ndi madzi, komanso amachitirana mthunzi.

Nyemba ya mumdima yomwe imasokoneza ana

Chomaliza n'chosavuta, koma chimafuna masiku khumi. Dzalani nyemba za mtundu umodzi m'zitini zitatu, dothi lofanana, madzi ofanana. Chitini china chikhale poyera, china m'katoni yotseka, chachitatu m'katoni yoboola kabowo kamodzi m'mbali. Tsiku lililonse ana ayeze msinkhu ndi rula, alembe mtundu ndi kukula kwa masamba, ndipo katoni itsekedwe msanga.

Konzekerani mtsutso, chifukwa nyemba ya mumdima ndiyo idzatalike kuposa zonse, ndipo ana ena adzalemba kuti mdima umakulitsa mbewu. Musawakalipire. Apatseni mbewu ziwirizo azigwire. Ya mumdima ndi yoyezuka, tsinde lake ndi lowonda, lotha kugwa lokha, masamba ndi ang'onoang'ono achikasu. Ya padzuwa ndi yaifupi, yonenepa, masamba otambalala. Afunseni kuti, ngati ya mumdima sinapange chakudya, yakula ndi chiyani? Wina adzakumbukira kuti mbewu ya nyemba ndi nkhokwe: kamera kakudya zomwe kanasungiridwa, ndipo kakuthira mphamvu zonse pa kutalika kuti mwina kapeze kuwala nkhokweyo isanathe. Amene anafesapo nazale ya tomato kapena fodya n'kuchedwa kuchotsa udzu wophimbira adzazindikira msanga mbande zotalika zofooka zija.

Ya m'katoni yoboola idzakhotera ku kabowo. Charles Darwin ndi mwana wake Francis anafufuza zimenezi n'kufalitsa zomwe anapeza mu 1880: ataveka tizipewa pa nsonga za timbande ta udzu, timbandeto sitinakhotere ku kuwala, kusonyeza kuti nsonga ndiyo imamva komwe kuwala kukuchokera. Pambuyo pake anthu anapeza kuti auxin, mankhwala a m'mbewu otalikitsa maselo omwe amapangidwa ku nsonga, amachuluka mbali ya mthunzi, maselo a mbali imeneyo amatalika kwambiri, tsinde n'kupindikira kowala. Tembenuzani chitini kuti mbewu iloze kumbuyo, mawa lake ana adzaipeza yayambanso kubwerera ku kabowo.

Nyemba ya mumdima ija musaitaye. Itulutseni, koma osati padzuwa la masana, ingapse. Iyambe pa khonde, muizike kamtengo koti itsamire. Pakatha tsiku limodzi kapena awiri masamba achikasu aja ayamba kubiriwira, chifukwa mbewu zamaluwa ngati nyemba zimafuna kuwala kuti zipange chlorophyll. Ikatha sabata panja, thyolani tsamba limodzi madzulo, muliwiritse, muliike mu spiriti, ndipo ana omwe ankati mdima umakulitsa mbewu ndiwo adonthezere ayodini.